A Tchizulo ndi Mwala wa pa Mlatho

Kuseri kwa malo okwerera basi, mukapitirira anyamata owotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa malata akale, pali shedi ya matabwa imene fumbi lake ndi loyera ngati ufa. M'menemo ndi mmene a Tchizulo akhala akugwira ntchito kuyambira tsitsi lili bii mpaka lero lili mbuu. Ntchito yawo ndi kusema zilembo pamwala: mayina a pa ziliza, miyala yomata pakhoma la sukulu kapena tchalitchi, nthawi zina nambala ya nyumba ya munthu wofuna kuonekera. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a mumsewumo chifukwa tchizulo sichoka m'thumba la malaya awo, ngakhale paukwati. Akazi awo anasoka matumba obooka mpaka anagwa ulesi.

Ntchitoyi sanaipeze pabwino. Anayamba ndi kunyamula miyala kwa mmisiri wina wamkamwa mowawa, amene kuyamika sankakudziwa. Anapirira, naphunzira, natsegula pawo. Ana awo onse anapita kusukulu ndi fumbi lomweli, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagonapo kupolisi kapena kubwera ndi katundu wa eni. Amene akufuna kutsutsa zimenezi abwere, akaonetsedwe anawo mmodzimmodzi.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotopetsa anthu othamanga. Munthu akabwera ndi mawu, iwo ankayamba awalemba pamwalapo ndi pensulo, kenako n'kumukhazika pabenchi, n'kumuwerengera mokweza. Akatero mafunso ankayamba. Chaka chimenechi mwachitenga kuti? Achemwali awo mwawafunsa? Dzinali ankalilemba chonchi eni ake? Ena ankanyanyuka, koma iwo ankangoti, "Pepala mumang'amba, khoma mumapentanso. Mwala ukalakwika umatukwana iwe ndi adzukulu ako omwe." Tchizulo sinkakhudza mwala mpaka mtima wawo utakhala pansi.

Chaka chimene mtsinje wodutsa pakati pa tauni unasefukira, a Tchizulo analipo. Madzi anafika kutacha, anakokolola mlatho, nalowa m'nyumba za kumunsi mpaka m'mawindo. Iwo anagwira ntchito tsiku lonse madzi ali m'chiuno, kunyamula ana a eni ndi nkhalamba n'kumakweza mu lole yobiriwira imene inkapita kumtunda ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera. Loleyo aliyense ankaidziwa. Inali ya phungu wa deralo, amene anthu ankamutchula kuti a Dziko Langa, chifukwa pamsonkhano uliwonse ankayamba ndi kugwira pamtima n'kufuula kuti, "Dziko langa! Dziko limene ndingalifere!" Ana ankawatsanzira posewera, mpaka kugwa pansi ngati afadi.

Mlatho watsopano utatha kumangidwa, chisankho chinali pafupi. Tsiku lina m'mawa lole yobiriwira ija inaima pashedi, anyamata natsitsa mwala wakuda, wosalala, wokongola kuposa uliwonse umene a Tchizulo anaugwirapo. Kumbuyo kwake kunatsika Mzime, mwana wawo wotsiriza, atavala siketi ya kuofesi, pepala lili m'manja.

Mzime ankagwira ntchito yotaipa mu ofesi ya phunguyo. Mwamuna wake anapita kukafuna ntchito kutali, n'kuiwala njira yobwerera, ndipo anamusiyira ana awiri. Ntchito imeneyi ndiyo inkadyetsa anawo ndi kulipira nyumba.

"Ababa, ndakupezerani ntchito yaikulu," anatero akumwetulira. "Amafuna kupereka kwa a makina a mumzinda, ine ndinati ayi, bambo anga alipo. Musandichititse manyazi ndi mafunso anu aja."

A Tchizulo anavala magalasi awo omangidwa ndi waya, nawerenga mokweza monga mwa masiku onse: "Mlatho uwu ndi mphatso ya Olemekezeka, mwana weniweni wa dziko lino, amene pa tsiku la chigumula sanasiye anthu ake, koma anaima nawo m'madzi nawapulumutsa."

Anawerenganso kachiwiri, mwapansipansi.

"Anaima pati, mwanawe?"

"Mwayambatu."

"Ndikungofunsa. Ine lole ndinaiona. Dalaivala ndinamuona, mpaka anandiponda chala. Koma eni akewo maso angawa sanawaone."

"Tauniyi ndi yaikulu, ababa. Inu munali paliponse?"

Pamenepo mwanayo ananena zoona, ndipo bambo ake anavomera. Munthu sungaweruze mnzako chifukwa choti iwe sunamuone. Analemba mawuwo pamwala ndi pensulo, mizere yowongoka bwino, nauphimba ndi chiguduli. Kenako anatseka shedi masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene sanachitepo, nati kandimverere anakanena za m'maluwa, apita okha.

Anayamba kuchipatala chaching'ono cha kumtunda. Namwino wamkulu anawauza kuti mankhwala a m'mimba ndi mabulangete anabweradi kuchokera kwa phunguyo, madzi ataphwera, ndipo popanda zimenezo ana ambiri akanapita. Anapita kusukulu, aphunzitsi aakulu nawaonetsa denga latsopano. Za mlatho panalibenso chofunsa: phunguyo anavutitsa akuluakulu a boma mpaka anatopa naye, ndipo simenti ina anagula yekha. A Tchizulo anamva zonsezi mtima ukupepuka. Iwo sanali kufuna kugwira munthu bodza. Ankafuna kupeza mmodzi yekha woti anene kuti, ndinawaona m'madzi. Koma aliyense akafunsidwa zimenezo ankakanda mutu, n'kunena kuti mwina kafunseni dalaivala.

Dalaivalayo anamupeza m'mphepete mwa msewu waukulu, pansi pa mtengo, akumata chubu cha njinga yamoto. Lole anaisiya kalekale.

"Ee, a Tchizulo! Mwabwera kudzandiyeza chiliza? Sindinafe, ndi njala chabe iyi."

"Chako ndidzasema mwaulere, ndidzalembapo kuti ankaponda anthu zala."

Anaseka, nakhala pa tayala lakale. A Tchizulo anafotokoza za mwala. Dalaivala anasiya kuseka, naviika chubu m'beseni n'kumayang'ana thovu.

"Mukufuna zoona kapena zoti mugone bwino?"

"Zoona."

"Bwana anachoka madzi asanafike pamsika. Anatenga madamu ndi ana pa galimoto yaing'ono, ulendo wa kumzinda. Ali m'njira anandiimbira foni kuti ndikweze lole kumtunda, nditsekere mumpanda, isalowe m'matope chifukwa injini inali yatsopano. Ine ndinati chabwino bwana. Ndikukwera, ndinaona amayi ena atanyamula ana pamutu ngati mitolo. Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Ndinakhota."

"Iwo anadziwa liti?"

"Atabwerako. Injini inali itamwa madzi. Anandithira mawu pamaso pa mlonda, nandilanda makiyi. Patapita masiku, wailesi inayamba kutamanda lole ya Olemekezeka. Anandiitanitsa, ndinaganiza kuti ntchito yabwerera. Anandigwira chanza, wojambula anajambula, basi. Chanza chokhacho ndi chimene ndinabwera nacho kuno."

"Bwanji sunanene?"

"Kwa yani? Ndipo musandiike m'kamwa mwa anthu, achimwene. Ine ndikumata matayala mwamtendere." Anapukuta manja. "Komatu si munthu woipa kotheratu. Mayi anga atamwalira, bokosi anagula ndi iyeyo, nditachotsedwa kale ntchito. Ndiye muzimuyeza nokha, ine sikelo yanga inathyoka."

A Tchizulo anabwerera wapansi, akuyenda ngati munthu wosenza thumba. Tsiku lotsatira anatumiza mawu kuofesi kuti pali mzere umodzi wofunika kukambirana. Ankayembekezera kalaliki, koma kunabwera eni ake. Galimoto inaima pakati pa zitsulo, a Dziko Langa natsika, kambendera kakang'ono kakunyezimira pa jekete. Anali munthu wodziwa kulowa pamalo. Anapereka moni kwa owotcherera, nafunsa mayi wa malata za mwendo wake, nakhala pabenchi ya fumbi osapukuta.

"Madala, akuti mwala wanga wakukanani."

"Mwala ndi wabwino, Olemekezeka. Mzere wotsirizawu ndi umene wandivuta. Ndafunsa konse, sindinapeze amene anakuonani m'madzi."

Phunguyo anaseka pang'ono. "Lole inali ya yani?"

"Yanu."

"Mafuta?"

"Anu."

"Dalaivala ankalipidwa ndi yani? Ndiye ngati lole yanga inali m'madzi, ine sindinali m'madzi? Dzanja likagwira ntchito amayamika mutu, madala."

"Mutuwo ukakhala kuti unalituma dzanjalo."

Kunja makina owotcherera ankalira. Phunguyo anavula magalasi akuda, ndipo a Tchizulo anaona nkhope ya munthu wotopa, osati ya pa chithunzi.

"Ndinali ndi mwana wodwala chifuwa," anatero motsitsa mawu. "Mkazi wanga akulira. Inu simukanathawitsa ana anu?"

"Mwina ndikanatero. Kunena zoona, ndikanakhala ndi galimoto sindikudziwa kuti ndikanachita chiyani. Sindikukuimbani mlandu wa kuthawitsa ana. Ine vuto langa ndi lakuti mwalawu ukuti simunachoke."

"Dziko lino ndimalikonda. Mukuganiza kuti ndimanama?"

"Ayi. Denga la sukulu ndaliona, mankhwala ndamva, mlatho ndauponda. Ndiloleni ndiseme zimenezo. Ndilemba kuti mlatho uwu unamangidwa ndi khama lanu, ndipo ndisema mozama kuti ngakhale wakhungu awerenge ndi chala. Zimenezo n'zokwana munthu kunyadira."

"Khama silipambanitsa chisankho. Anthu amafuna munthu amene ananyowa nawo." Anaimirira, nasasa fumbi pa thalauza, mawu a pamsonkhano nabwerera. "Mwana wanu amagwira bwino ntchito. Ndi iyeyo anakuchondererani. Zingakhale zachisoni kuti muofesi anthu ayambe kufunsa kuti kodi banja limeneli lili mbali iti. Ganizani bwino, madala. Mwalawu ukufunika sabata ikubwerayi."

Khoswe anali atakhala pamkhate. Kumuponya mwala, uswa mkhate wa mwana wako.

Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, Mzime anafika kunyumba kwa makolo ake. Sanakhale n'komwe. Anaima pakhomo la pabalaza, chikwama chili m'khwapa, mayi ake ali pampando akusenda nyemba.

"Ababa, mukufuna ana anga adye chiyani? Fumbi?"

"Khala pansi, mayi."

"Sindikhala. Mzere umodzi! Ndani amawerenga miyala ya pamlatho? Anthu amadutsa akuthamangira basi. Mbuzi ndi zimene zidzaunyambite."

"Ngati palibe wowerenga, bwanji akuufuna chonchi?"

"Musandizunguze. Inu nomwe chaka chatha munasema kuti bambo wachikondi pa chiliza cha munthu amene ankamenya mkazi wake mpaka anthu kuleretsa. Tonse tinkamva kukuwa. Pamenepo mafunso anu anali kuti?"

Mayi ake anasiya kusenda. Funsolo linalasa, chifukwa Mzime ndi mwana wa bambo ake, saponya pambali.

"Mawu amenewo anabwera nawo ndi mkazi wakeyo," anayankha a Tchizulo. "Ndinamuwerengera, ndinamufunsa ngati akutsimikiza, anati semani. Mabala anali ake, kukhululuka kunali kwake. Koma madzi aja anali a tonse. Muli anthu m'tauni muno amene anataya ana tsiku lija. Adzadutsa pamlathopo, adzadziwa dzanja langa, chifukwa ndi lomwelo linasema mayina a ana awowo. Ndiponso wakufa sapempha voti, mwanawe."

"Ndiye dzanja lanu liposa adzukulu anu?"

Mayi ake a Mzime ndiwo analankhula, maso ali pa nyemba.

"Abambo, ine sindikuuzani chochita. Koma mukakana, mudziwe kuti mwasankhira mwana, osati inu nokha. Musadzati simunadziwe."

"Ndikudziwa."

"Ndipo iwe Mzime, ana akowo sadzagona ndi njala ife tili moyo. Chipinda chilipo. Tsitsa mawu, anthu akumva."

"Chipinda!" anatero Mzime. "Ndinachoka m'chipinda chimenecho ndi mutu wanga, ndibwereremo chifukwa cha mwala?" Anatuluka, chitseko n'kuchisiya pululu.

M'mawa mwake a Tchizulo anavundukula mwala uja, nautsamiritsa bwino, natenga tchizulo ndi hamala. Owotcherera amanena kuti anawaona ataika nsonga pa chilembo choyamba, atakweza hamala, n'kukhala choncho ngati chithunzi. Ankaganiza za adzukulu awo, wamkulu uja wokonda masamu ndi wamng'ono wosamva. Ankadziuza kuti munthuyu wachitira tauni zambiri kuposa ena amene ananyowa, ndiponso kuti iwo akakana, makina a mumzinda asema mawu omwewo osafunsa kanthu, bodza lidzaima pamlatho chimodzimodzi, Mzime yekha ndiye adzapsa. Zonsezo zinali zoona ndipo ankazidziwa. Koma akati amenye, ankaona dalaivala akuviika chubu m'beseni, munthu amene anakhotetsa lole, amene mwalawu unali kumuchotsa ntchito kachiwiri. Dzanja linakana.

Anatenga chiguduli chonyowa, nafufuta pensulo yonse, mwala n'kukhala wakuda bii monga unabwerera. Anatumiza mawu kuti adzautenge.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mwezi usanathe Mzime anauzidwa kuti ofesi ikuchepetsa anthu, ngakhale kuti amene anachepetsedwa anali iye yekha. Mwala unapita kumzinda, makina anausema, ndipo uli pamlathopo mpaka lero, zilembo zopakidwa golide. A Dziko Langa anapambana chisankho. Anthu ena mumsewu anati a Tchizulo ndi munthu wolimba mtima, ena anati ndi nkhalamba youma mutu yophetsa mwana ndi njala. Olankhula zachiwirizi ndi anthu oti ngakhale dzina lawo lomwe angaligulitse, koma asiyeni.

Iwo eni sanadzitame. Owotcherera akawaputa kuti, "Madala, tiuzeni, kodi a Dziko Langa amalikondadi dzikoli?" ankayankha mosaseka.

"Amalikonda. Munthu wosalikonda sakanavutikira mlatho. Koma amalikonda likakhala louma. Ndipo sindikanawada chifukwa cha zimenezo, ambirife ndife otero, akanangovomera."

Mzime sanabwerere m'chipinda chija. Mwana ameneyu ndi wamakani abwino. Anabwereka makina akale otaipira, nakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi khoti, n'kumataipira anthu makalata. Tsiku lina kumagwa kanthu, tsiku lina ayi. Anasamukira kunyumba yaing'ono, ya bafa logawana ndi anzake. Ana ankawatumiza kwa agogo awo Loweruka lililonse, ndipo ankabwerako atanyamula kathumba ka zakudya, koma iye mwini phazi lake silinaponde kwa makolo ake kapena kushedi. Akakumana ndi bambo ake pamsewu ankapereka moni wa ulemu wonse, wozizira ngati wa mlendo. A Tchizulo anaonda nyengo imeneyo. Hamala inkamveka mochedwa, ndipo tiyi ankazizira pawindo.

Mvula itadutsa, dzinja litatha, tsiku lina masana anaona mthunzi pakhomo la shedi. Anakweza mutu. Anali Mzime, nsapato zili fumbi, inki ili m'zala. Anayang'ana mwala umene bambo ake ankasema, nayang'ana denga, nayang'ana bambo akewo.

"Mwaonda," anatero.

"Ndi ukalamba."

"Ndi kusadya. Amayi andiuza." "Ababa, musaganize kuti ndakukhululukirani. Ntchito ija inali yanga. Munaipereka osandipempha."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndipo ukandifunsa ngati ndinachita bwino kwa iwe, sindinganene kuti inde."

"Koma mukanabwereranso mukanachita chomwecho."

"Ndikanachita chomwecho."

Mzime anapukusa mutu, napuma mozama ngati munthu amene wafika pamwamba pa chitunda.

"Sunthani," anatero. "Miyendo yandipweteka."

A Tchizulo anachotsa hamala pabenchi, nasendera kumapeto, mwana wawo nakhala.